Mayi Zelifa Chunga ndi Tsamba Limene Sanang'ambe

Lachiwiri lapitali m'mawa, mwana wathu Atikonda anali kuanika mpunga pabwalo pano, pamene mwakhala amayi a mvano apa. Anali atangokhuthula thumba lachiwiri pamene foni inalira. Anali mng'ono wake Jenifa, amene amadikirira matenda kuchipatala. Atikonda anasiya thumba lili chigwadire nalowa m'nyumba. Mpunga uja anauwola ndi Mayi Salma Sharifu a nyumba yoyandikana nayo, nkhuku zisanayambe kuupalasa, ndipo sanauze munthu. Ndimafuna ndiyambe ndi kuwathokoza.

Abusa, mafumu, akuluakulu a mpingo, abale athu achisilamu, ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, zikomo. Ine ndine Sailesi Mkwapatira, mlongo wawo wa malemu, wopondana nawo. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo.

Ndisanayambe, ndinene ichi. Kwa zaka pafupifupi ziwiri ndi theka m'dera lino mwakhala mukuyenda mawu akuti malemu ndiwo anatseketsa fakitale ya mabandeji, nagonetsa mabanja ndi njala. Ena mwa ife tinawanena, ena tinangowamva n'kukhala chete. Sindikufuna kuti achemwali anga atsikire m'manda atasenza mawu amenewo. Ndiwerenga mbiri mwa dongosolo lake, ndipo tikafika pamenepo ndinena zimene ndikudziwa.

Malemu Mayi Zelifa Chunga anabadwa pa 14 Malichi 1968 kwathu kuno ku Mwadzama. Anali achisamba m'banja la ana anayi la Bambo ndi Mayi Mkwapatira, onse awiri anatsogola kale. Bambo athu anali asodzi, mayi athu ankalima chinangwa ndi mpunga. Malemu anayamba sukulu mu 1975. Nthawi ya dzinja, khwawa la panjira likadzaza, ankasenza makope pamutu, ine n'kundibereka kumsana. Tikaoloka ankanditsitsa patali ndi sukulu kuti anzanga asandiseke. Sanandikumbutsepo zimenezi ngakhale tsiku limodzi.

Anamaliza sekondale mu 1987. Mu 1989 anapita ku Lilongwe kukaphunzira ntchito yosamala ndi kugawa mankhwala, ndipo mu 1992 anayamba ntchito pachipatala cha mishoni m'boma lathu lomwe lino. Amene munkalandira mankhwala pazenera lawo mukukumbuka. Munthu wosadziwa kuwerenga ankamujambulira dzuwa lotuluka ndi dzuwa lolowa pakapepala, kenako n'kumuuza kuti abwereze yekha mamwedwe ake. Mzere unkatalika, anthu ankadandaula, koma iwo sankafulumira.

Pa 7 Ogasiti 1993 anamanga banja loyera ndi Bambo Filimoni Chunga a ku Ngala, amene anali aphunzitsi. Mulungu anawapatsa ana atatu, Atikonda, Jenifa ndi Angella. Alamu athuwo anali munthu wa nthabwala. Ankauza alendo kuti m'nyumba mwawo ngakhale botolo la mchere lili ndi tsiku limene linatsegulidwa. Anatisiya mu Meyi 2010, ndipo malemu analera anawo okha.

Mu 2012 kunatsegulidwa fakitale yaing'ono m'mbali mwa msewu wa ku Dwangwa, imene tonse timangoitchula kuti kwa Thonje. Imapanga mabandeji, thonje la pachilonda, ndi mapaketi a azamba, momwe mumakhala kansalu, thonje ndi ulusi womangira mchombo wa khanda. Malemu anaitanidwa kuti akhale oyang'anira ukhondo ndi ubwino wa katundu. Palibe katoni imene inkatuluka pageti popanda dzina lawo. Mu 2014 anandipezera ine malo pomwepo, nditasiya za m'nyanja chifukwa cha msana, ndipo patapita zaka ndinakhala kapitawo wa chipinda chopakira.

Fakitale yotere siigwira ntchito popanda chiphaso cha boma, ndipo chiphasocho chimadalira oyendera, amene amabwera kudzaona mmene ntchito ikuyendera. Ulendo wawo woyamba unali mu Epulo 2013. Ine ndinali ndisanalembedwe, koma nkhaniyo aliyense amaidziwa. Antchito anakonzekera monga tikonzekerera mlendo kwathu kuno. Anatchetcha, anapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, anatuma munthu ku Bua kukagula nsomba ya mpasa, anaphika mpunga wonunkhira. Oyendera aja anadutsa miyalayo osaiyang'ana. Anapempha buku la misampha ya makoswe, anakaona ngati kuchimbudzi kuli sopo, ndipo masana anadya buledi wawo m'galimoto, chifukwa lamulo lawo siliwalola kulandira kanthu. Mpasa uja anadya ndi antchito, ali chete ngati pamaliro. Malemu akakumbuka ankaseka mpaka misozi. Ankati, “Alendo awa sabwerera mpasa. Amabwera m'malo mwa mayi amene ali pa bedi la azamba, amene sangadzaone yekha.”

Kuchokera pamenepo anatiphunzitsa kukonzekera kwa mtundu wina. Tsiku lina lililonse, mosachenjeza, ankalowa atavala magalasi pansonga ya mphuno, n'kunena kuti lero iwo si Zelifa, ndi mayi oyendera a ku Lilongwe. Ankaima pambali pa munthu n'kufunsa kuti, “Mayi, thonje ili likagwa pansi mumatani? Zalembedwa pati? Tandionetsani.” Wina akayamba kufotokoza zambirimbiri ankamudula: “Ndafunsa za thonje, mwandiuza za agogo anu.” Ankati tiyankhe chimene tafunsidwa, ndipo ngati sitikudziwa tinene kuti sitikudziwa. Ankaletsa kufufuta m'buku. Ukalakwitsa, udule mzere umodzi wokha kuti cholakwacho chiziwerengekabe, ulembe choona pambali, usaine, uike tsiku. Masamba a mabuku onse anawalemba manambala ndi dzanja lawo. Tinkadandaula, tinkawatcha Mayi Cholembera, iwo ankavomera dzinalo. Oyendera anabwera maulendo anayi m'zaka zotsatira, ndipo chiphaso sichinagwedezeke.

Tsopano ndafika pamene ndinanena paja.

Lachitatu pa 21 Disembala 2022 magetsi anazima cha m'ma teni koloko m'mawa. Jenereta inalibe dizilo. Chipinda chopakira chimakhala chotseka ponseponse, mpweya umalowa ndi makina, ndipo makinawo anaima. Munali amayi asanu ndi mmodzi, atavala zisoti, zotseka pakamwa ndi magolovesi. Malemu anali atapita ku boma tsiku limenelo. Katundu ankafunika Khirisimasi isanafike. Dzuwa litafika pamutu, Mayi Salma, omwe ndawathokoza aja, anafooka n'kukhala pansi. Ine ndinatenga sipanala ndi kutsegula zenera la kumbali ya kunyanja, limene linamangidwa ndi mabawuti kuti lisamatsegulidwe. Ndinati kamphepo kalowe pang'ono, ntchito ipitirire.

Sipanapite nthawi, nkhungu inafika, tizilombo touluka ta m'nyanja tija. Mukuidziwa mmene imafukira panyanja ngati utsi, mphepo n'kuikankhira kumtunda. Tinatseka msanga, koma ina inali italowa. Tinapukuta matebulo, tinasesa, tinaona ngati tathana nayo. Magetsi atayaka tinamata mapaketi a azamba mazana asanu ndi limodzi. Madzulo ndinatenga buku la chipindacho, ndipo pa tsamba 47 ndinalemba kuti, “Zonse zili bwino.” Ndinasaina. Amayi amene anali m'chipindamo akudziwa za zenera, ndipo anandisungira chinsinsi chifukwa ndinalitsegulira iwo. Za bukulo sadziwa. Akumva lero.

Lolemba pa 9 Januwale 2023, kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti oyendera afike, malemu anali kuyang'ana mapaketi powalozetsa kuwala, monga ankachitira nthawi zonse. M'paketi ina ya tsiku la zenera lija, pambali pa ulusi wa mchombo, anaona kankhungu kamodzi. Anamata mapepala ofiira pa makatoni onse a tsiku limene lija ndi kuwatsekera. Mapaketi 120 anali atapita kale ku zipatala zing'onozing'ono zitatu. Anakwera kabaza mvula ikugwa kukawatenga. Anabwera ndi 111. Asanu ndi anayi anali atagwiritsidwa kale ntchito.

Eni fakitale anati makatoniwo akwiriridwe kuseri, nkhani ithere pomwepo. Malemu anakana. Kutatsala tsiku limodzi kuti oyendera afike, ine ndinalowa muofesi mwawo masana, iwo akudya chinangwa chophika. Anandikankhira mbale kuti tidye. Ndinawaululira za zenera lija, n'kuwapempha kuti ting'ambe tsamba 47, ndilembe lina. Anayamba atafuna, anameza, kenako anati, “Achimwene, mukuganiza kuti manambala aja ndinalembera oyendera? Ndinadzilembera ndekha, kuti tsiku lina chisoni chisadzandigonjetse.” Anandipatsa cholembera kuti ndidule mzere pa mawu anga aja ndi kulemba zoona pansi pake, monga mwa lamulo. Anati ndikatero oyendera adzaona kuti talakwa koma tadzikonza tokha. Ndinachita mantha. Ndinasiya cholembera patebulo ndi kutuluka.

Oyendera atatu anafika pa 17 Januwale. Malemu sanadikire kuti afufuze. Atangokhala pansi anawaikira patebulo paketi ija, lipoti la zonse zimene anachita, ndi makiyi a kumene anatsekera makatoni. M'lipotimo analemba kuti zenera linatsegulidwa tsiku lija, osatchula amene analitsegula, kuti panalibe malangizo onena chochita magetsi akazima chipinda n'kutentha, kuti kulemba malangizowo inali ntchito yawo, choncho kulakwa n'kwawo. Oyendera anapempha buku la chipinda. Anawerenga tsamba 47. Anandiitana, n'kundifunsa mwaulemu ngati tsikulo panachitika china chachilendo. Achemwali anga anali atakhala pambali, manja ali pamiyendo, akuyang'ana pansi. Ndinayankha kuti sindikukumbuka.

Kalata ya oyendera inabwera patatha milungu iwiri, ndipo tinaiwerenga anthu atatu okha: eni fakitale, malemu, ndi ine. Inayamikira kutsekera katundu ndi kukatenga amene anatuluka. Inati nkhungu payokha ikanangofuna kukonza mawindo ndi kulemba malangizo. Koma inati buku limene lalemba kuti zonse zili bwino pa tsiku limene zenera linatsegulidwa likuchititsa kuti mabuku ena onse akayikitse, ndipo pa chifukwa chimenecho chiphaso chayimitsidwa. Abale anga, mvetsani bwino pamenepa. Fakitale sinatsekedwe chifukwa choti malemu anaulula. Inatsekedwa chifukwa cha mawu atatu amene ine ndinalemba ndi kukana kuwakonza.

Antchito makumi anayi ndi atatu anabwerera kunyumba mu Febuluwale, mwezi wa njala. Anangouzidwa kuti Mayi Chunga anaonetsa alendo zimene akanatha kubisa. Kwathu kuno mlendo sitimuonetsa mphika wosweka, ndiye anthu anapsa mtima. Kumjigo amayi ankasiya nkhani iwo akamafika. M'tchalitchi munkatsala mpata pabenchi, uku ndi uku. Dzina la Mayi Cholembera linatha, anayamba kutchedwa Nankhungu. Ine ndinkamva zonsezi. Tsiku lina pamalo okonzera njinga munthu anawanyoza ine ndili pomwepo, ndipo ndinangoyang'ana tayala.

Iwo sanayankhe munthu. M'mawa uliwonse ankapalasa njinga kupita kufakitale yotseka. Analemba malangizo atsopano, anaikitsa sefa ndi maloko pamawindo, anakakamira mpaka panaikidwa magetsi a dzuwa oyendetsa makina a mpweya. Analemba kuti chipinda chikatentha, ntchito iime ndipo anthu atuluke, ngakhale katundu akufunika bwanji. Ankapitabe pamaliro a anthu omwe sankawapatsa moni, n'kukakhala kumene kukutsukidwa mbale. Mabanja ena a antchito ankapeza mtanga wa chinangwa pakhonde osadziwa wabweretsa. Ine ndikudziwa, chifukwa munda umene chinkazulidwa unali wa mayi athu.

Mmodzi yekha amene sanawasiye ndi Mayi Salma. Mwezi wa Ramazani chaka chimenecho, tsiku lililonse asanamasule, ankatumiza kambale ka futali kunyumba kuno, ndipo kambaleko sikankabwerera kopanda kanthu.

Oyendera anabweranso pa 20 Juni 2023, anakhala masiku atatu, ndipo chiphaso chinabwezedwa. Antchito onse anaitanidwanso. Koma eni fakitale anati pa awiri a banja limodzife, mmodzi achoke. Ndinamva mawuwo ndili chiimire, ndipo sindinadzipereke. Malemu anati iwo atopa, maso ayamba kuvuta, ana awo anakula kale pamene anga akadali pasukulu. Anaphunzitsa wowalowa m'malo miyezi isanu ndi umodzi, napuma ntchito pa 22 Disembala 2023. Panalibe phwando lotsanzikana. Tsiku lomaliza anadutsa pakhomo pa chipinda chopakira, anandikonza chisoti chimene chinapendekeka, n'kunena kuti, “Tsitsi likuoneka, akapitawo.” Anangonena zomwezo.

Kuyambira pamenepo ankalima mpunga ndi kusamala zidzukulu. Loweruka lililonse ankanditumizira nsomba zouma kapena nthochi. Ine ndinkalandira, ndinkathokoza, koma ndinachepetsa kubwera kuno. Sanandifunse chifukwa.

Anayamba kudwala mu Okutobala 2024. Miyendo inkatupa, mpweya unkawathera akayenda pang'ono. Madokotala anapeza kuti ndi mtima. Anagonekedwa kawiri, mu Januwale ndi mu Epulo chaka chino, n'kutuluka. Anamwino amati anali wodwala wovuta pa chinthu chimodzi chokha: botolo lililonse asanamwe ankafuna aone tsiku lake lothera mphamvu. Pa 2 Juni anagonekedwa kachitatu pachipatala cha boma.

Lamulungu pa 8 Juni ndinapita kukawaona, nditatsimikiza mtima kuti ndilankhula. Ndinakhala pamphepete pa bedi ola lathunthu. Tinakamba za mwera, za mpunga umene wacha bwino chaka chino, za denga la tchalitchi. Anandisendera nachesi ndi manja awo otupawo. Ponyamuka ndinati ndibweranso Lachitatu, pali kanthu kena. Anati, “Ndilipo, achimwene.” Anatisiya Lachiwiri pa 10 Juni 2025, nthawi ya eyiti koloko m'mawa, ali ndi zaka 57.

Dzulo Angella potsegula buku lawo la nyimbo anapezamo pepala la mayina asanu ndi anayi. Anawo sanadziwe kuti ndi ayani. Ine ndinadziwa. Ndi amayi aja amene anachira ndi mapaketi a tsiku limene lija. Pa mayina asanu ndi atatu pali kachizindikiro ndi tsiku limene malemu anakaona mwana n'kumupeza ali bwino. Dzina lachisanu ndi chinayi lilibe kanthu. Mayiyo anasamuka, ndipo sanamupeze. Jenifa akuti mpaka kuchipatala, popemphera, mayi ake ankatchula dzina limenelo pambuyo pa mayina a zidzukulu. Abusa, ndikupempha kuti mpingo upitirize kumupempherera mayi ameneyo ndi mwana wake, kulikonse kumene ali.

Malemu asiya ana atatu, Atikonda, Jenifa ndi Angella, zidzukulu zisanu, ang'ono awo awiri, Rahila ndi Tatu, ndi ine mlongo wawo.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamala. Tikuthokoza a kwa Chunga ochokera ku Ngala, amene anafika tsiku lomwelo. Tikuthokoza amayi a mvano, adzukulu amene akonza nyumba yawo yomaliza, amayi amene ali kumoto kuyambira Lachiwiri, ndi abale athu a kumzikiti amene anatibwereka mahema ndi mabenchi tisanapemphe. Tikuthokoza antchito anzawo a kwa Thonje. Ndaona kuti mwabwera nonse, ndipo ndaona amene munasenza madzi m'mawa uno. Musadziimbe mlandu kwambiri. Munakwiya ndi zimene munauzidwa, ndipo amene akanakuuzani zoona anali pakati panu, ali chete. Mzimu wa Mayi Zelifa Chunga uuse mumtendere wa Ambuye amene anamutumikira.

Mbiri imene banja linandituma yathera pamenepo. Chatsala ndi changa.

Buku lija lili m'kabati ya kufakitale, ndipo tsamba 47 likadali mmene ndinalisiyira. Sindingalitenge. Koma pansi pa pepala ili ndalembanso mawu anga aja, “Zonse zili bwino,” ndipo ndawadula mzere umodzi, akuwerengekabe. Pambali pake ndalemba kuti: ndinatsegula zenera, nkhungu inalowa, ndinabisa. Ndasaina, ndaika tsiku la lero, 12 Juni 2025. Atikonda, pepalali ndikupatsa iwe, ulisunge. Lolemba ndikanena zomwezi kwa eni fakitale ndi kwa antchito onse, ndipo chimene adzagamule ndidzachilandira.

Inu amene munagona ndi njala miyezi isanu ija, ndikhululukireni. Atikonda, Jenifa, Angella, munkamva mayi anu akunyozedwa, malume anu ndili chete. Ndikhululukireni, ana anga.

Achemwali, munandipatsa cholembera, ine ndinachisiya patebulo. Ndinati ndibwera Lachitatu. Ndabwera Lachinayi. Ndachedwa, achemwali. Ndikhululukireni.